Agogo ndi foni: mfundo zofunika kuzilingalira tisanaseke

M'magulu a pa WhatsApp simusowa nthabwala za anthu okalamba. Ina ndi ya mdala amene amakuwa polankhula pa foni, ati popeza mwana wake ali kutali ku Joni mawu ayenera kukwezedwa kuti akafike. Ina ndi ya gogo amene amayankha "zikomo" akamva mawu ojambulidwa aja akuti nambala mwaimbayi sikupezeka. Timaseka, n'kutumizira anzathu. Kusekako sindikukuletsa, pakuti agogo eni akewo amadziseka kuposa mmene ife timawasekera. Chondivuta ndi chigamulo chimene chimabisala kuseri kwa nthabwalazo: chakuti munthu akangomera imvi mutu wake watsekeka, ndipo chilichonse choyendera batire chiyenera kuchoka m'manja mwake. Chigamulochi chimawadyera okalamba ndalama, chinsinsi ndi ulemu. Nazi mfundo zoti tizisinkhesinkhe.

1. Mawu akuti "agogo sangathe" amatuluka agogowo asanayese n'komwe.

Taimani pang'ono pafupi ndi ambulera ya ejenti wa ndalama za pa foni tsiku la msika. Afika mayi wachikulire, amasula mfundo ya pachitenje, atulutsa kafoni ka mabatani. Asanatsegule pakamwa, mnyamata uja watambasula kale dzanja: "Bweretsani kuno agogo, ndikupangireni." Pambuyo pawo pali mtsikana wa zaka 20. Iyeyo angomulozera nambala ya ejenti imene yalembedwa pachikatoni n'kumusiya adinde yekha, ngakhale alakwitse kawiri. Mayi aja palibe wawafunsa ngati amadziwa kapena ayi. Imvi zawayankhira.

Mnyamatayo si woipa mtima, akungofuna mzere uyende. Koma mayiwo abwerera kwawo osadziwa chimene chadindidwa, ndipo mwezi wamawa adzaperekanso foni. Chikatha chaka tidzati, "Mwaona? Chaka chonse sanagwirebe." Mpata tinawamana ndife, kenaka kusadziwa kwawo tikukuimika ngati mboni.

2. Amene tikuwasekawa anaphunzira kale zovuta kuposa foni.

Munthu wobadwa cha m'ma 1950 anakula akuwerengera ndalama m'mapaundi, masheleni ndi makobiri: makobiri 12 kupanga sheleni, masheleni 20 kupanga paundi. Yesani kubweza tchenji mwa njira imeneyo popanda kakyuleta muone thukuta lake. Mu 1971 kunabwera kwacha ndi tambala, paundi imodzi n'kukhala K2, ndipo amayi ogulitsa ufa ndi usipa anasintha mitengo yonse m'mutu, ambiri a iwo osapondako m'kalasi. Mayadi anasanduka mamita, mamailosi n'kukhala makilomita, ndipo dziko silinaime.

Abambo amene lero timawauza kuti "musakhudze, muwononga" anakwera ndege za Wenela adzukulu awo asanalotedwe n'komwe. Anakagwira makina obowolera miyala pansi pa nthaka m'migodi ya golide, naphunzira Chifanakalo m'masabata owerengeka chifukwa kumeneko kusamva lamulo kunali imfa. Amayi ena anali mataipisiti m'maofesi a boma ku Zomba, pa makina opanda batani lofufutira. Matelala a m'makhonde mwa masitolo ankamasula makina a Singer mpaka kasikuluwu komaliza n'kuwamanganso. Wailesi ya Nzeru ikasiya kulankhula panali mkulu pamudzi woitsegula kumbuyo. Ndipo amene anatumizapo telegalamu ku positi ofesi, kumene liwu lililonse linali ndi mtengo wake, safunika kuphunzitsidwa kulemba meseji yachidule.

Tisaiwalenso kuti mafoni a m'manja anafika ku Malawi mu 1995 ndi kampani ya TNM, Celtel n'kutsatira mu 1999. Nthawi imeneyo foni inali yodula koopsa. Oigula sanali ana a sukulu, anali anthu a zaka 40 ndi 50 okhala ndi malipiro kapena bizinesi. Anthu amenewo ndiwo agogo a lero. Amati tsabola wakale sawawa, koma foni yoyamba m'banja mwanu mwina inagulidwa ndi munthu yemweyo amene mukumulanda foni lero.

3. Amene anapanga zipangizozi nawonso ndi agogo.

Martin Cooper, amene anaimba foni ya m'manja koyamba pa 3 April 1973 mumzinda wa New York, anabadwa mu 1928. Bob Kahn ndi Vint Cerf, amene anakonza njira imene makompyuta amalankhulirana pa intaneti, anabadwa mu 1938 ndi 1943. Tim Berners-Lee, mwini nzeru ya World Wide Web ya mu 1989, ndi wa mu 1955. Batire limene lili mufoni mwanumo lili ndi dzanja la John Goodenough, amene anatulukira mbali yofunika ya batire la lithium mu 1980 ali pafupi kukwanitsa zaka 60, n'kudzalandira mphoto ya Nobel mu 2019 ali ndi zaka 97.

Wina anena kuti awa ndi anthu ophunzira, a m'mayunivesite, ndipo anayamba ali anyamata. N'zoona. Ndiye taonani Masako Wakamiya wa ku Japan, wobadwa mu 1935, amene anagwira ntchito kubanki moyo wake wonse n'kuyamba kuphunzira kompyuta chakumapeto, nthawi yopuma pantchito itayandikira. Ataona kuti masewera a pa foni amathamanga kwambiri moti zala za okalamba sizikwanitsa, anapanga akeake otchedwa Hinadan mu 2017, ali ndi zaka 81.

Koma chitsanzo chimene chimandigwira mtima n'cha ku Tilonia, m'chigawo cha Rajasthan ku India. Kumeneko sukulu ya Barefoot College, imene anaiyambitsa Bunker Roy mu 1972, imatenga amayi akumudzi ochokera m'mayiko osiyanasiyana, kuphatikizapo Malawi, ambiri osadziwa kulemba ndi kuwerenga, n'kuwaphunzitsa kulumikiza ndi kukonza magetsi a sola kwa miyezi 6. Mphunzitsi ndi wophunzira samvana chilankhulo. Amagwiritsa ntchito mitundu ya mawaya, zithunzi ndi manja. Sukuluyi imasankha dala amayi achikulire pa chifukwa chimene aliyense wakumudzi amachidziwa: mnyamata akapeza luso amathamangira nalo m'tauni, pamene agogo amabwerera kwawo kukayatsa nyali za mudzi wonse.

4. Tisiyanitse ukalamba ndi zinthu zina zimene zimangoyenda nawo.

Apa m'pamene ambiri timasokonezera. Agogo akalephera kutumiza ndalama timati ndi ukalamba, osafufuza kuti chawalepheretsa n'chiyani kwenikweni.

Choyamba ndi maso. Munthu akadutsa zaka 40 diso limayamba kuvutika kuona zapafupi, n'chifukwa chake aphunzitsi ndi abusa ambiri amatalikitsa pepala powerenga. Akamakula penanso pamabwera ng'ala. Tizilembo ta pa foni n'tating'ono, ndipo kumudzi magalasi owerengera sapezeka wamba. Munthu wosaona bwino nambala si mbuli. Mupatseni magalasi, kapena mukulitsireni zilembo, muone ngati vutolo litsale.

Chachiwiri ndi zala. Dzanja limene lagwira khasu zaka 50 limauma n'kulimba, ndipo galasi la foni zosisita ndi chala nthawi zina silimva khungu lotero. Makina ojambula zidindo za zala nawonso amavutika ndi zala zoperepeseka ndi ntchito. Pamene makina akana chala cha agogo, cholephera ndi makinawo.

Chachitatu ndi chilankhulo ndi sukulu. Maphunziro a pulayimale aulere anayamba mu 1994. Amene anakula chisanafike chaka chimenecho ankalipira fizi, ndipo ndalama zikachepa pakhomo wotsala kunyumba anali mwana wamkazi. Lero mwana wamkazi uja ndi gogo, ndipo foni ikumufunsa mafunso m'Chingerezi, ikumupatsa masekondi owerengeka kuti ayankhe, akachedwa n'kudula kuti ayambirenso. Mtsikana wa zaka 19 amene anasiyira Sitandade 3 amakakamira pamalo omwewo, koma iye sitimunena za msinkhu.

Chachinayi ndi umphawi wamba. Midzi yambiri ilibe magetsi, kutchajitsa foni n'kolipira komanso n'koyenda mtunda, bandulo imatha ngati yabedwa. Ndipo taonani foni imene timawapatsa makolo athu. Nthawi zambiri ndi ija ife tatopa nayo: galasi long'aluka, batire lotupa lomangidwa ndi labala, malo osungira zinthu odzaza. Ikazima yokha timati agogo aidinda molakwika.

Sindikukana kuti thupi likamakula pali zimene zimachedwa. Kugwira chinthu chatsopano kumatenga nthawi yotalikirapo, ndipo pali matenda enieni oiwalitsa amene amagwira okalamba ena. Koma kuchedwa n'kwina, kulephera n'kwina, ndipo matenda a ena sangakhale chigamulo cha onse. Munthu wa zaka 62 amene wangopuma kumene pa ntchito ya uphunzitsi ndi wa zaka 90 amene sanaonepo bolodi timawaika m'thumba limodzi lolembedwa kuti "agogo", chonsecho pakati pawo pali zaka zokwana m'badwo wathunthu.

5. Kulanda foni si kuphunzitsa.

Mayi afunsa mwana wawo kuti, "Tandionetsa mmene ndingatumizire chithunzi kwa achemwali ako." Mwana atenga foni, zala ziyenda ngati mphezi, abweza: "Ndatumiza." Mawa mayi afunsanso, ndipo yankho likhala lakuti, "Amayi inunso, si ndinakuonetsani dzulo?" Sanawaonetse kanthu. Anawachitira. Akafunsa kachitatu n'kulandira tsinya, safunsanso, ndipo mwana amauza anzake kuti mayi ake alibe nazo chidwi.

Palibe anaphunzira kupalasa njinga pongoonerera mwini wake akuzungulira bwalo. Foni ikhale m'manja mwa wophunzirayo, inu manja anu muwapinde. Phunzitsani chinthu chimodzi patsiku, ndipo chikhale chimene iwo akuchifuna, osati chimene inu mukuchiona chofunika. Ngati akufuna kumva mawu a mdzukulu wawo wa ku Cape Town, yambirani pa kujambula ndi kumvera mawu pa WhatsApp, zimene sizilira kulemba n'komwe. Amene amadziwa kulemba alembe okha masitepe m'kope, m'mawu awoawo, ngakhale alembe kuti "dinda kobiriwira kali kumanja". Auzeninso chinthu chimene ambiri amachita nacho mantha koma sanena: kuti kudinda batani lolakwika sikupha foni. Ana amaphunzira msanga chifukwa saopa kuwononga, pakuti sanagule ndi iwo. Wamkulu amadziwa kuti foniyo ndi matumba angati a chimanga.

Ndipo tikamatopa ndi funso lobwerezedwa, tikumbuke kuti munthu ameneyu anatiyankha funso lakuti "ichi n'chiyani?" kosawerengeka, anatiphunzitsa kugwira chipande ndi kumanga zingwe za nsapato, osatiuza kuti anationetsa dzulo.

6. Amene wagwira nambala yachinsinsi wagwira chikwama.

Iyi ndiyo mfundo yolemera pa zonse. Kale mwana wa ku Joni kapena ku Halale akatumiza ndalama, zinkabwera pa positi ofesi kapena m'manja mwa mnzake wobwera kutchuthi, ndipo mayi ankaziwerenga okha n'kuzimanga pachitenje. Chiyambire Airtel Money mu 2012 ndi Mpamba mu 2013, ndalama zambiri zimadzera pa foni. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo anafalikira m'maboma onse, amathandiza mabanja ambiri otsogozedwa ndi okalamba, ndipo m'madera ochuluka malipiro ake akuchoka pa ndalama za m'manja kupita ku njira zamakono. Ndiye kuti amene sadziwa kuona ndalama zotsala mufoni mwake sadziwa chuma chake.

Apa m'pamene mawu aja akuti "agogo sangathe" amaonetsa mano. M'makomo ambiri foni ya agogo imagona m'thumba la mdzukulu, nambala yachinsinsi anasankha ndi mdzukulu, ndipo pena ngakhale simu khadi inalembetsedwa m'dzina la mdzukulu pamene kalembera wa manambala anakhwima mu 2018. Agogo akafunsa amamva kuti, "Sizinalowe, netiweki ikuvuta." Tsiku lina amva kuti, "Anatumiza K20,000 koma adula." Wadula ndani, wadula zingati, palibe wofotokoza. Wotumiza uja akaimba kufunsa ngati zafika, woyankha ndi mdzukulu yemweyo, agogo ali kudimba.

Adzukulu ambiri ndi okhulupirika, ndipo pali okalamba amene popanda mdzukulu sakanalandira kalikonse. Koma munthu wokhulupirika sataya kanthu pophunzitsa agogo ake kuona okha ndalama zotsala. Amene amakwiya mukatchula zowaphunzitsa, amene amafulumira kunena kuti "awa musavutike nawo, sangagwire", mumuyang'ane kawiri. Si aliyense wonena kuti agogo sangathe amene amakhulupiriradi zimenezo. Ena kusatha kwa agogo ndiye munda wawo.

Palinso chinsinsi chosakhudza ndalama. Mkulu amene meseji iliyonse amachita kuwerengeredwa alibe nkhani yakeyake. Zotsatira za kuchipatala, madandaulo a mwana wake wamkazi pa za banja, nkhani ya malire a munda, zonse zimadutsa m'kamwa mwa mwana wa zaka 14. Mwambo wathu umasiyanitsa nkhani za akulu ndi za ana, koma pa foni tausiya mwambowo osazindikira.

7. Akuba a pa foni sasankha msinkhu.

Meseji ija yakuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi" tonse tinailandirapo. Chimodzimodzi ya mphoto ya mpikisano umene simunalowe, ndi ya munthu wolira kuti watumiza ndalama kwa inu molakwitsa. Timakonda kunena kuti ogwa m'misampha imeneyi ndi okalamba, ndipo timatengerapo chifukwa chowalandira foni. Koma amene anataya ndalama za fizi m'magulu olonjeza kuchulukitsa ndalama pa sabata imodzi, kapena kulipira "ya fomu" pa ntchito yakunja yosaoneka, ambiri ndi achinyamata odziwa Chingerezi. Ku America, bungwe la boma la Federal Trade Commission lakhala likupeza chaka ndi chaka kuti mwa anthu odandaula za chinyengo, achinyamata ndiwo amanena kawirikawiri kuti anataya ndalama kuposa okalamba, ngakhale kuti wokalamba akabedwa amabedwa zambiri. Mkulu amene anaonapo amatsenga a pamsika ndi ogulitsa mankhwala ochulukitsa ndalama ali kale ndi mphuno yonunkhiza bodza. Chimene akusowa n'kuuzidwa maonekedwe atsopano a bodzalo, ndi lamulo limodzi: nambala yachinsinsi sauza munthu, ngakhale woimbayo atati ndi wa kukampani.

8. Achinyamata nawo sabadwa akudziwa.

Mu 2001 mlembi wa ku America, Marc Prensky, anafalitsa ganizo lakuti ana obadwa m'nyengo ya makompyuta ali ngati eni dziko pa zipangizozi, akuluakulu n'kukhala alendo. Ganizoli linakoma m'makutu ndipo linafala, koma funsani aphunzitsi a m'makoleji athu za ophunzira amene amathamanga pa TikTok koma sadziwa kumata kalata pa imelo kapena kusiyanitsa nkhani yoona ndi yopeka. Bodza lakuti okalamba sangaphunzire lili ndi mphwake, lakuti ana safunika kuphunzitsidwa, ndipo onse awiri amatipatsa chifukwa chokhalira osaphunzitsa aliyense.

9. "Sindikufuna" ndi yankho la munthu wamkulu.

Pali okalamba amene anaiona Facebook, naimvetsa, naikana. Safuna kuti chithunzi cha maliro a m'bale wawo chizingoyenda m'manja mwa anthu osawadziwa. Safuna kumva za imfa pa gulu la WhatsApp mwini mbumba asanatume munthu. Amafuna kupereka moni wathunthu asanayambe nkhani. Ameneyu sanatsalire, wasankha, ndipo zina mwa zifukwa zake ife tikuzizindikira mochedwa.

Vuto limabwera pamene mabanki, maofesi ndi makampani atseka khomo la munthu n'kusiya la makina lokha. Ku Spain, dokotala wopuma pantchito wa mumzinda wa Valencia, Carlos San Juan, anatopa ndi kuuzidwa kuti zonse akachitire pa makina kapena pa foni. Ali ndi zaka 78, ndiponso akudwala matenda onjenjemeretsa manja a Parkinson, anayambitsa pempho pansi pa mawu akuti iye ndi wokalamba, osati chitsiru. Pofika February 2022 anali atasonkhanitsa masiginecha oposa 600,000, nakawapereka ku unduna wa zachuma ndi ku banki yaikulu ya dzikolo. Mabanki anavomera kuwonjezera maola othandiza anthu pakauntala ndi kuika okalamba patsogolo. Chochititsa chidwi n'chakuti pempholo analiyendetsa pa intaneti. Munthuyo sankalephera kompyuta. Ankakana kuchitidwa ngati katundu wotha ntchito.

Kwathu kuno tili ndi umboni wakuti zinthu zikhoza kupangidwa moganizira munthu. Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011, chinakhazikika pa nzeru yapafupi: munthu aimbe ulere, alankhule ndi wazaumoyo m'chilankhulo chake. Palibe kulemba, palibe Chingerezi, palibe kuthamangitsana ndi masekondi. Amene amakonza njira zolipirira madzi, kugula feteleza wotsika mtengo kapena kulandira penshoni akanamayamba ayesa njira zawo pa gogo wa ku Nsanje kapena wa ku Chitipa asanazitulutse. Chimene gogoyo angachithe, wina aliyense achitha.

10. Kunyoza kumayamba ndi nthabwala, koma sikuthera pomwepo.

Lipoti la World Health Organization la mu 2021 linapeza kuti pa dziko lonse munthu mmodzi mwa awiri alionse ali ndi maganizo osala okalamba. Ku Malawi, kumene kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi theka la anthu ndi osakwana zaka 18 ndipo a zaka 60 kupita m'tsogolo ndi pafupifupi asanu okha pa 100 alionse, mawu a okalamba savuta kumira. Pakamwa timati akulu ndi m'dambo mozimira moto. M'zochita, dziko lomweli ndi limene mu January 2016 okalamba anayi anaphedwa ku Neno powaganizira ufiti, mphezi itapha mtsikana.

Sindikunena kuti woseka agogo pa foni ndi wakupha. Ndikunena kuti muzu wake ndi umodzi: kuona munthu wokalamba ngati wotha ntchito, wosamvetsa za lero, amene maganizo ake safunika kufunsidwa. Mwana amene wakula akumva kuti agogo ndi mbuli savutika kudzakhulupirira kuti agogo ndi mfiti. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire, ndipo n'chinthu chabwino. Koma lamulo silikhala nawo pakhonde pamene mdzukulu akuyankha agogo ake mwamwano chifukwa afunsa kawiri pamene pali batani loyankhira.

11. Kwa inu agogo: musadzigamule nokha.

Mawu akuti "ife zathu zinatha, izi n'za ana" timawamva kwa inu nomwe, nthawi zina mwanthabwala, nthawi zina pofuna kupewa manyazi. Mawuwa si opanda ngozi. Katswiri wa pa yunivesite ya Yale, Becca Levy, anafalitsa mu 2002 kafukufuku wotsatira anthu kwa zaka zoposa 20, ndipo anapeza kuti amene ankaona ukalamba wawo ndi diso labwino anakhala ndi moyo zaka 7 ndi theka kuposa anzawo oudandaula. Zimene munthu amadziuza zimalowa m'thupi.

Simukufunika kudziwa zonse za mufoni, ngakhale ana anuwo sadziwa zonse. Yambani ndi zitatu: kuona nokha ndalama zotsala, kusintha nambala yachinsinsi kuti ikhale yodziwa inu nokha, ndi kujambula mawu otumiza kwa amene mukumufuna. Ngati wa pakhomo sapirira, funsani mnzanu wa kumpingo, wa kumzikiti kapena wa ku banki m'khonde amene anaphunzira kale, pakuti wamsinkhu mnzako amadziwa pamene pamavuta ndipo sathamanga. Simu khadi ilembedwe m'dzina lanu ndi chiphaso chanu. Ndipo ejenti kapena mdzukulu akadzatambasula dzanja kuti akupangireni, foniyo musaipereke. Muuzeni kuti, "Iwe nena, ndidinda ndekha."